Pepala Lachitatu la Wenwen

"Awiri? Amayi, mwadula mapepala awiri okha?"

Lamei anafunsa ali chiimire pakhomo la chipinda chachikulu, manja ali mbuu ndi ufa wa mpunga. Apongozi ake, gogo Pan, sanatembenuke n'komwe. Anapinda bwinobwino timapepala tiwiri tokhakhala, tija amapanga ndi mapesi a mpunga, n'kutitsindika ndi mbale ya lubani patebulo la mizimu ya makolo.

"Umafuna ndidule angati? Ana a mlamu wako Baolin ochokera kutauni aja ndi awiri. Kapena wabereka wina ine osadziwa?"

"Nanga Wenwen?"

"Wenwen watani? Pepala ili n'lopukutira pakamwa pa mwana tsiku lotsekera chaka, kuti akalankhula mawu atsoka asagwire pakhomo pano. Ndiye pakamwa posatuluka mawu ndipukutepo chiyani? Miyezi itatu ali m'nyumba muno, unamumvapo akuti 'agogo'? Ngakhale 'madzi' okha?"

"Komatu ndi mdzukulu wanu."

"Ndakana liti? Amadya mpunga wanga, amafunda bulangete langa. Koma zopukuta khoma ndiye ayi."

Mwana wonenedwayo anali pomwepo, atakhala pachiundo cha chitseko, atakumbatira maondo ake m'jasi lofiira limene anabwera nalo kuchokera ku Italy. Anali ndi zaka zisanu. Chitchaina sankachimva, koma mwana aliyense amadziwa akamanenedwa. Bambo ake Baoshan ndi mayi ake ankasoka zovala m'fakitale kumeneko, kulowa kusanache, kutuluka ana onse atagona, ndipo khandalo linakulira m'manja mwa mayi wina wa Chitaliyana. Makolowo atalephera kumusunga anamukweza ndege ndi mnzawo wa kumudzi konkuno, pamodzi ndi sutikesi ya khofi ndi mabotolo a vinyo. Khofiyo anthu anamulandira ndi manja awiri. Mwanayo, atalankhula Chitaliyana chake masiku awiri anthu n'kumangoseka, anatseka pakamwa.

Baotian, mwamuna wa Lamei komanso mkulu wake wa Baoshan, analowa akupukuta nsapato, m'manja muli chipepala chonyezimira cha zithunzi.

"Mukukangana chiyani? Nkhaniyi yatha kale. Ndalankhula ndi Baoshan pafoni. Chaka chikangolowa, tsiku lachisanu ndi chitatu, mwanayu ndikamusiya kutauni. Kuli nyumba yosungira ana ochokera kunja ngati ameneyu. Amagona konko, amadya konko, amalemba zilembo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kunyumba amabwera kamodzi pamwezi."

"Ana alipo angati?" anafunsa Lamei.

"Makumi anayi."

"Owasamalira?"

"Awiri. Ophunzira bwino. Taona zithunzizi, onse akumwetulira."

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kamtsikana ka a Ye oyandikana nafewa kaja sikanapite komweko? Kanapita kakulira, kanabwerako kakukodza pogona. Mwana uyu amutaya kamodzi kale, Baotian. Mukufuna timutayenso kachiwiri?"

"Ndani wamutaya? Makolo ake akuvutikira iye yemweyu. M'mera m'poyamba, iwe. Chaka chamawa akuyamba sukulu. Akalowa m'kalasi ngati mbuzi?"

"Ndipatseni mpaka tsiku lotsekera chaka. Masabata atatu okha."

"Umuphunzitsa ndi chiyani? Iwe amene dzina lako lomwe umasayina ndi chala?"

"Ndi nyimbo."

Baotian anaseka mpaka kutsokomola. Gogo Pan sanaseke, anangotsonya.

"Chabwino," anatero Baotian akupukuta misozi. "Imba. Koma undimvetse: sindikufuna chinkhwe. Chinkhwe nachonso chimaimba. Ndikufuna atsegule pakamwa, anene mawu akeake, ochokera m'mutu mwake, ife tonse tikumva. Akalephera, tsiku lachisanu ndi chitatu ndikumukweza basi, ndipo usadzandigwire mwendo."

Tsiku lomwelo, apongozi ake atapita kukaona nkhuku, Lamei anatenga sizasi, nadula kapepala kachitatu, n'kukaika m'thumba la epuloni yake. Sanauze munthu.

Lamei anali atakhala pabanja zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo mwana sanamuonepo. Anamwa mankhwala owawa a sing'anga aliyense wa m'mapiri amenewo, anafukiza lubani mu akachisi mpaka maso kufiira, koma ayi ndithu. Chimene anali nacho ndi nyimbo. Mayi ake anali munthu wosauka, ndipo pomukwatitsa analibe chomupatsa chooneka ndi maso, koma m'mutu anamudzazira nyimbo zotonthozera ana, zowerengera zala, zowomberana m'manja, zosambitsira khanda. Zaka zonsezi nyimbozo zinangokhala ngati mbewu zosungidwa m'nkhokwe ya munthu wopanda munda. Nthawi zina ankaimbira abakha.

Mwayi unabwera ndi nsomba. Baotian anagwira nsomba yaikulu yofiira m'dziwe la kumunda wa mpunga, n'kuiika m'beseni la madzi oyera kuseri kwa khitchini, kuti fungo la matope lithe chaka chisanalowe. Wenwen, amene sankayandikira munthu, anayandikira nsombayo. Ankanjuta pambali pa beseni mpaka miyendo kuchita dzanzi, n'kumaiponyera timbewu ta mpunga wophika timene wabisa m'thumba la jasi.

Lamei sanamuitane. Anakoka kampando, nayamba kusenda ziphukira za nsungwi chapafupi, n'kumaimbira nsombayo ngati mwanayo palibe:

"Nsomba yofiira, ukupita kuti?
Ndikupita kunsi kwa mpunga.
Kunsi kwa mpunga kuli ndani?
Kuli agogo, akuluka chipewa.
Chipewa n'cha ndani?
N'cha chule wadazi.
Madzi aphwa, nsomba yafa,
Mphaka wakhuta, wanyambita ndevu!"

Pa mawu akuti nsomba ankaloza nsomba. Pa mpunga ankaloza timbewu tija. Pa agogo ankaloza kumene kunali gogo Pan. Pofika pa "nsomba yafa" anagadabuza dzanja lake, natulutsa lilime, maso n'kuwatembenuza. Kenako analoza mphaka wa pakhomopo amene ankazungulira beseni ndi maganizo ake oipa.

Kachitatu, phewa la mwanayo linagwedezeka. Ankaseka, koma mopanda mawu.

"Iwe Lamei!" Gogo Pan anatulukira ndi dengu la mazira. "Mutu wako ukuyenda bwino? Mwezi uno ndi woimba za kufa? Ukufuna kutiitanira chiyani?"

"Ndi nyimbo ya ana chabe, amayi."

"Tsoka silifunsa kuti waliitana ndi wamkulu kapena mwana. Ndisamvenso."

Kuyambira pamenepo Lamei ankaimba kuti "nsomba yagona." Koma dzanja logadabuka lija mwanayo anali ataliona kale.

Sabata yoyamba inatha Wenwen akungomenya chala pabondo motsatira nyimbo. Lamei ankaimba posambitsa, ankaimba popesa tsitsi, ankaimba yowerengera masitepe a mwala potsikira kumtsinje, mpaka oyandikana nawo anayamba kumufunsa ngati walowa gulu la zisudzo. Iye ankangoyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumtima ankaopa ndithu, ndipo m'mawa uliwonse ankayang'ana kalendala ya pakhoma ngati mdani.

Tsiku losinja makeke a mpunga a Chaka Chatsopano, Baotian ankamenya mpunga wotentha mu mtondo wamwala ndi chinyundo chamtengo, Lamei n'kumautembenuza ndi dzanja lonyowa pakati pa kumenya ndi kumenya. Ntchito imeneyi siifuna munthu wogona, ukachedwa pang'ono zala zimasanduka keke. Lamei anagwirizanitsa nyimbo ija ndi kugunda kwa nyundo. Atafika pamzere wachiwiri anaimba kuti, "Ndikupita kunsi kwa..." n'kusiya dala.

Nyundo inagunda. Palibe anaimba. Nyimbo yosiyidwa panjira imayabwa ngati nsabwe.

"Mpunga."

Kanali kamawu kosasa, kakang'ono, kochokera kuseri kwa chitseko. Lamei anaiwala dzanja lake mu mtondo, ndipo Baotian anachita kupotoza nyundo n'kumenya m'mphepete mwa mwala.

"Ufuna ndikuphwanye dzanja, mkazi iwe?"

"Mwamva? Baotian, mwamva?"

"Ndamva liwu limodzi. Ngakhale khwangwala ali ndi liwu limodzi."

Koma chitseko chinali chitatseguka. Lamei anayamba kusiya mipata paliponse, mwanayo n'kumaitseka. Chule. Chipewa. Mphaka. Tsiku lina masana Lamei akusankha nyemba, Wenwen anamukoka malaya, nayamba kumuimbira kanyimbo kake ka Chitaliyana, kenako n'kusiya mpata, maso ali pa Lamei, kudikira. Lamei anayesa. Lilime linamukana, mawuwo anatuluka ngati mphika ukuwira. Mwanayo anaseka chikhakhali mpaka kugwa chagada, nabwerezanso pang'onopang'ono, chala chili m'mwamba ngati mphunzitsi wokhwima. Lamei analakwitsanso, theka mwadala. Apo m'pamene anazindikira kuti miyezi itatu yonseyi anthu ankangouza mwanayu zimene sadziwa, ndipo palibe anamufunsapo zimene amadziwa.

Kutatsala masiku anayi kuti chaka chithe, Wenwen anali akuimba nyimbo zisanu ndi ziwiri kuyambira koyamba mpaka kumapeto, akuwombana m'manja ndi Lamei osaphonya. Lamei anamuimika pamaso pa Baotian ndi gogo Pan atatha kudya chamasana. Mwanayo anaimba ya nsomba ija yonse, maso ali pansi.

"Eya, waimba bwino," anatero Baotian. Anawerama. "Dzina lako ndani?"

Zii.

"Uli ndi zaka zingati? Ine ndine ndani?"

Mwanayo anabisa nkhope mu epuloni ya Lamei.

"Waona? Chinkhwe. Ndinanena ine."

"Mukumufunsa ngati wapolisi! Ngakhale ine ndikanaiwala dzina langa."

"Kusukulu akamufunsa ndi nyimbo? Ndipo nyimbo zakozo ndi za kumudzi kuno, zopanda ngakhale buku."

"Inuyo munayamba ndi buku? Amayi, awa anabadwa akuwerenga nyuzipepala? Simunawaimbire ali kumsana?"

Gogo Pan anaika kapu yawo ya tiyi patebulo mwaphokoso.

"Ndinawaimbira, inde, chifukwa anali anga. Ndabereka amuna atatu ine. Iwe ukufuna kundiphunzitsa kulera, mimba yako isanasungepo ngakhale dzira? Ndikuuze chimene chikukuvuta, Lamei. Wapeza chidole. Mwana uyu si wako, ndipo ngakhale uimbe mpaka mawu kutha sadzakhala wako. Musiye apite kwa anthu odziwa ntchito yawo."

Baotian anayang'ana pansi, koma sanatsutse mayi ake. Zimenezo ndi zimene zinamupweteka kwambiri Lamei. Anatenga dengu la ndiwo zamasamba n'kutsikira kumtsinje, ndipo kumeneko analira ngati wafedwa, manja ali m'madzi ozizira mpaka kuchita dzanzi. Mawu a apongozi ake anali ankhanza, koma munali choonadi chimene iye ankachiopa. Kodi ankamenyera mwanayo, kapena ankadzimenyera yekha?

Anamva kuphapha kwa tinsapato pamasitepe. Wenwen anali atamutsatira, akuwerenga masitepewo chapansipansi ndi nyimbo yake ija. Anafika, namuyang'ana nkhope yonyowayo nthawi yaitali. Kenako anatambasula timanja take tiwiri, zikhatho kutsogolo, kupempha kuwombana.

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe," anadziuza Lamei, napukuta manja pa epuloni. Anawombana pomwepo pamwala, masamba akuyandama kupita kumunsi.

Madzulo ake mayi a Wenwen anaimba foni ya kanema. Nkhope yawo inali yotuwa, kumbuyo kukumveka mashini. Anaitana mwana wawo m'Chitaliyana chothyokathyoka, chifukwa iwowo Chitaliyana sankachidziwa bwino, ndipo mwanayo Chitchaina analibe. Mayi ndi mwana anangoyang'anana ngati anthu okumana pabasi.

"Alamu," anatero mayiyo kwa Lamei, akupukuta mphuno, "ine ndilibe mawu. Zimene anene akuluakulu ndi zomwezo. Koma ngati mungathe..." Wina anakuwa kumbuyo, foni n'kuduka.

Tsiku lotsekera chaka linafika ndi phokoso la makombola kuyambira m'mawa. Baolin, mng'ono wawo wotsiriza, anafika ndi mkazi wake ndi ana awo awiri aakazi, olongolola ngati mpheta. Lamei anatenga Wenwen kukamata mapepala ofiira pazitseko zonse, mpaka pakhola la nkhumba. M'kutanganidwa konseko anaiwala chinthu chimodzi chimene wina aliyense m'mudzimo ankachidziwa: kuti nsomba ya m'beseni sinkasungidwira ubwenzi.

Dzuwa litapendeka, asanakhale patebulo, gogo Pan anaitana ana a Baolin. Anawagwira chibwano mmodzimmodzi, n'kuwapukuta pakamwa ndi mapepala okhakhala aja, anawo akukuwa ndi kuseka.

"Mawu a mwana ndi mphepo, adutse osagwira kanthu," anatero kawiri, n'kuponya mapepalawo pamoto wa m'khitchini.

Wenwen anali ataima pamzere, wachitatu, chibwano atachikweza kale. Gogo Pan anamudutsa ngati mzati. Lamei anagwira thumba la epuloni yake, koma sanatulutse kanthu. Kupukuta ndi kwa mwini nyumba.

Anakhala patebulo lozungulira. Panali nkhuku, nyama ya nkhumba yofiirira, makeke a mpunga aja atakazingidwa ndi masamba. Baotian anathira vinyo wa ku Italy m'timakapu, nayamba mawu ake a chaka ndi chaka onena za mtendere ndi moyo wautali. Ali m'kati molankhula, gogo Pan analowa atanyamula mbale yaitali ndi manja awiri, monyadira, n'kuiika pakatikati. Nsombayo inali yathunthu, mutu ndi mchira, khungu lake lofiira likuwala ndi msuzi, anyezi wobiriwira atawazidwa pamwamba.

Wenwen anaiyang'ana. Anatsika pampando, nathamangira kuseri kwa khitchini. Onse anamva beseni lopanda madzi likugubuduka. Anabwerako nkhope itafiira, naima pafupi ndi gogo Pan, chibakera chili chofumbata.

"Nsomba yafa!"

Timitengo todyera tinaima m'malere. Mkazi wa Baolin anagwira pakamwa.

"Nsomba yanga yafa! Sinagone, yafa! Yafa!" Misozi inali chuchuchu. Analoza gogo Pan ndi chala. "Agogo, mphaka ndinu!"

Pa mawu onse amene munthu angalankhule patebulo lotsekera chaka, mwanayo anasankha oipitsitsa, n'kuwabwereza kanayi, pamaso pa mizimu ya makolo, mkulu wa banja kapu ili m'manja. Nkhope ya gogo Pan inayera ngati ufa.

"Pepala!" anakuwa. "Pepala, msanga! Baolin, Baotian, mwangoti kakasi bwanji?"

Anathamangira patebulo la makolo, nanyamula mbale ya lubani. Panalibe kanthu. Anadula awiri, ndipo awiriwo anali phulusa. Mtolo wonse wa mapepala anali ataukweza padenga pamodzi ndi madengu. Anazungulira pamalo amodzi ngati nkhuku yofuna poikira.

Lamei anaimirira, napisa dzanja mu epuloni. Kapepalako kanali katafewa m'mphepete chifukwa chogona m'thumba masabata atatu, kothimbirira ndi ufa. Anakapereka ndi manja awiri.

Gogo Pan anakayang'ana, nayang'ana mpongozi wawo. Anagwada, maondo akulira, nagwira chibwano cha Wenwen, n'kupukuta kamodzi, kawiri, katatu.

"Mawu a mwana ndi mphepo, adutse osagwira kanthu. Mawu a mwana ndi mphepo." Kachitatu anapukutanso misozi ya m'masaya ndi chala chachikulu. "Wati ndine chiyani? Mphaka?"

"Mphaka," anatero Wenwen akusisima. "Agogo mphaka. Wanyambita ndevu."

Ana a Baolin anaphulika ndi kuseka, bambo awo n'kulowerera. Baotian yekha ndi amene anali adakali chiimire ndi kapu yake.

"Amayi, kodi zimenezi n'zabwino? Tsiku ngati lalero?"

"Khala pansi iwe," anatero gogo Pan akudzuka movutikira, atatsamira paphewa la mwanayo. "Walira mvula walira matope. Sunali iwe unkafuna mawu akeake? Ndi amenewo. M'nyimbo ija mulibemo zoti ine ndine mphaka, ndaimva mpaka kutopa nayo. Wapeka yekha ameneyu."

"Koma malo aja kutauni ndinalonjeza kale kuti..."

"Ukalonjezenso kuti sabwera. Mwana wa pakamwa potere ukufuna ukamusiye kwa eni ake? Akakatukwana aphunzitsi, akamupukuta ndani? Akhala pano. Amayi ake aakuluwa ndiwo amutsegula pakamwa, amalize okha ntchito yawo."

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi Lamei anali asanamvepo apongozi ake akumutchula ndi liwu lakuti mayi, ngakhale lobwereka. Wenwen anabwera n'kukwera pamiyendo pake, adakali kusisima, msana ataupatsa mbale ya nsomba ija. Lamei anamukumbatira, nabisa nkhope yake m'tsitsi la mwanayo.

Gogo Pan anakankhira mbaleyo kumapeto kwa tebulo, kutali ndi maso a mdzukulu wawo, nakhala pansi akupuma mwamphamvu. Anatola timitengo tawo, kenako anatiikanso pansi.

"Baotian, usanadye, tenga makwerero utsitse mtolo wa mapepala uja padengapo. Masiku a chikondwerero alipo khumi ndi asanu, ndipo pakamwa apa pepala limodzi silikwana."